Ndowa Yowira Popanda Moto

Tsiku lomwe ndinkakwera basi ku Katete kubwera ku Lusaka kuno, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, azakhali anga anandigwira dzanja pawindo nkunena kuti, "Iwe Esinati, m'tauni munthu akamakusekerera, dziwa kuti akuwerenga nkhuku zako. Chimene chikukudyetsa usamaonetse munthu." Basi inanyamuka asanandisiye dzanja bwinobwino. Mawu amenewo ndayenda nawo mpaka imvi zino, ndipo kamodzi kokha ndi pomwe anatsala pang'ono kundigendetsa miyala.

Ndikulemba m'kabuku muno chifukwa ana inu simumva munthu akamalankhula. Iwe Taonga umangoti "ehe agogo, ehe agogo," maso ali pafoni. Dalitso naye anandifunsa tsiku lija kuti chikulira kuseri kwa nyumba nchiyani, koma ndisanatsegule pakamwa anali atafika kale pageti. Ndiye werengani. Nkhani ya ndowa ija muimve kwa mwiniwakene, osati kwa anthu a mumsewu uno, omwe mpaka lero akamaifotokoza aliyense amati iye kunalibe tsikulo.

Ife tinayambira ku Kabwata, m'kanyumba koti ukayetsemula aneba amati pepani. Masiku amenewo tinkalawirira kukaima pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, ndipo pamzerepo mpomwe ndinaphunzira kuti mayi wokuyamikira chitenje ndi yemweyo akulowerere kutsogolo. Kenako kunabwera zipani zambiri. Anatilonjeza kuti mizere itha, ndipo inathadi. M'masitolo munadzaza katundu, m'matumba mwathu mokha ndi momwe munaphwa. Kampani ya boma yomwe agogo anu aamuna ankagwirako ntchito anaigulitsa kwa anthu omwe sitinawaonepo nkhope, iwo nkupatsidwa kalata ndi kugwiridwa chanza. Chomwe tinapulumutsa ndi nyumba ino ya ku Chelstone. Nthawi yomwe boma linkagulitsa nyumba kwa okhalamo ine sindinkachoka pakhomo, ngakhale kumaliro sindinkapita, kuopa kudzapeza wina atasintha loko. Agogo anuwo sanakhalitse. Mwamuna wozolowera kudzuka ndi belu la ntchito ukamukhazika pakhonde amafota ngati ndiwo zothyola dzulo.

Ndinatsala ndi kadimba ka kuseri, ka repu, anyezi ndi chibwabwa, masamba a maungu aja. Koma feteleza, yemwe kale tinkangomwaza osaganiza, anamera mapiko. Anayamba kumugulitsa m'timapepala ngati mchere, ndipo tsiku lina bambo wina pamsika, wa Baibulo pambali pa sikelo, anandigulitsa wosakaniza ndi mchenga woyera. Ndinabwerera komweko mawa lake ndi chikho cha madzi kuti ndimusungunulire pamaso pake. Pamalopo ndinapeza mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, akulumbira kuti wakhala pomwepo chibadwire.

Ndiye ndinakalowa ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa dona wina wa kunja. Inu ana a ku Woodlands ndi ku Avondale simudziwa kuti agogo anu anachapapo masokosi a anthu ena, chifukwa atate anu sakonda kuitchula nkhaniyi. Donayo ankaweta nsomba m'galasi, zosadya ayi, zongoyang'ana. Nsombazo zinali ndi kapampu kawokawo ka magetsi kozipatsa mpweya, pomwe ife antchito tinkapuma fumbi la m'minibasi.

Wosamalira dimba pamenepo anali a Tembo, mkulu wa ku Petauke, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akugula. Dona anawatumiza ku maphunziro a ulimi, ndipo anabwerako ndi nzeru yofulula chomwe ankati tiyi wa kompositi. Ine ndinkayanika zovala chapafupi, khutu lili komweko.

"Amayi," anatero a Tembo, "m'manyowa owola bwino muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timakonzera mbewu chakudya m'nthaka. Tikalowa m'madzi timafuna kupuma ngati inu ndi ine. Mukatipatsa mpweya timaswana. Mukatimana timafa, nkubwera tina toipa, tonunkha."

"Munationa inuyo?" ndinafunsa.

"Ayi."

"Nanga mukutichitira umboni bwanji?"

Anangoseka nkuloza kabichi. Ine munthu wondiuza za zinthu zosaoneka ndimayamba ndagwira chikwama changa. Koma kabichiyo ankaoneka.

Dona pobwerera kwawo anagulitsa zonse, ndi masipuni omwe. Nsomba anapatsa mnzake. Ine, amene ndinamuchapira ndi kumusitira zaka zonse zija, anandikumbatira, kulira misozi yeniyeni, nkundipatsa kapampu ka nsomba. Kapampu! M'minibasi ndinakwiya kuchokera ku Kabulonga mpaka m'tauni, kutsika, kukwera ina, nkupitiriza kukwiya mpaka ku Chelstone. Koma sindinakataye.

Tsopano tcherani khutu, pakuti chuma chomwe ndikukusiyirani ndi chimenechi, china ndilibe. Mupeze ndowa yaikulu ya pulasitiki, muitsuke mpaka fungo la zomwe zinalimo lithe. Madzi a pampopi musawagwiritse pomwepo, ali ndi mankhwala opha tizilombo tija. Muwatunge lero, agone poyera, mawa ndiye mugwiritse. A mvula ndiye abwino koposa. Kapayipi kopyapyala ndinakagula ku Kamwala, nditamanga ndalama pamfundo ya chitenje cha m'kati, chifukwa kuchokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity mpaka kumeneko aliyense wokugunda phewa ali ndi cholinga. Kapayipiko mukabowole timabowo tambiri chakumapeto ndi singano yotentha, kunsonga mutseke ndi kamtengo, mukapinde mozungulira pansi pa ndowa nkutsamiza mwala kuti kasayandame. Mbali inayo mulowetse kukapampu. Kapampuko kakhale pamwamba kuposa ndowa, apo ayi magetsi akazima madzi amakwera m'payipi nkukapha. Izi a Tembo sanandiuze, ndinaziona ndekha madzi atafika kale pakati pa payipi.

Kompositi akhale wakupsa, wakuda, wofumbutuka m'manja, wonunkhira ngati nthaka ya mvula yoyamba. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi. Ndabwereza, zaziwisi ayi, ndipo muona chifukwa chake. Mutape manja awiri odzaza, muike m'nsalu yakale ya pilo, mumange, mupachike pandodo yopingasa pakamwa pa ndowa kuti thumbalo lilendewere m'madzi. Muthire sipuni imodzi ya molasesi, zakuda zija zotsala popanga shuga, ndicho chakudya cha tizilomboto. Musachulukitse, si phala. Ndowa musaivundikire ndi chivundikiro, mungoyala saka pamwamba kuletsa ntchentche. Mukayatsa kapampu madzi amayamba kubwata ngati ali pamoto, koma mukapisa chala ndi ozizira. Zikhale choncho tsiku limodzi ndi theka osaleka. Kenako mphuno ndiyo iweruze. Akanunkhira dothi, ali bwino, musungunule ndi madzi ena m'kheni nkuthirira patsinde tsiku lomwelo, dzuwa litapepa. Akanunkha chimbudzi, tayani kutali ndi ndiwo. Mukatha mutsuke zonse. Ndikudziwa kuti pa kutsuka apa ndi pomwe Dalitso walekera kuwerenga.

Ine zanga ndinaziika m'khola lakale la nkhuku, waya wa magetsi nkudutsitsa pawindo la kukhitchini, pachitseko loko. Sindinauze munthu. Chimene chikukudyetsa usamaonetse munthu.

Sizinasinthe tsiku limodzi ayi, wokuuzani zimenezo akufuna kukugulitsani chinachake. Koma itadutsa miyezi, repu wanga anabiriwira mpaka kuda, masamba otambalala kuposa chikhatho cha bambo. Kaya anali tiyiyo, kaya kompositi yemwe ndinkakwiriranso m'mabedi, kaya kulawirira kwanga, ine si wa sukulu. Chomwe ndikudziwa nchakuti anthu anayamba kugogoda pageti kudzagula, ndipo ndinkadya osapempha kwa mwana aliyense.

Kuseri kwa mpanda kunkakhala bana Mulenga, ndiye kuti make Mulenga m'chilankhulo cha kwawo, omwe anabwera kuchokera ku migodi amuna awo atachotsedwa ntchito. Nawonso anali ndi kadimba, repu wake wachikasu ngati wodwala. Tsiku lina anasuzumira pampanda, mano onse pamtunda.

"Muli shani ambuya? Iyi repu yanu mwandini, muikako chani? Niuzenikoni naine."

Ndinaona kuseka kuja, ndinamva mawu a azakhali. "Madzi chabe ndi pemphero," ndinatero.

"Awe, naine nipemphela."

"Ndiye onjezerani."

Apo ndinalakwa kapena sindinalakwe, muweruze nokha mukadzakula. Koma zomwe anachita iwo zilibe chowiringula. Anayamba kukwera pakreti ya mabotolo kundizonda. Anaona ndikulowa m'khola ndi thumba la zakuda ndi kabotolo ka zotsekemera, ndikutuluka ndi kheni. Kapampu sanakaone. Ndiye anatenga mgolo, kuthiramo zitosi za nkhuku zaziwisi, shuga, madzi, nkutseka ndi chivundikiro, kumanga ndi mphira, pamwamba kuponya bulangete. Nanga si iwo amafulula munkoyo, chakumwa chija chonga thobwa, m'mutu mwawo chilichonse chofulula chimafuna kufunditsidwa. Anausiya sabata yathunthu padzuwa la mwezi wa Okutobala.

Tsiku lomwe anatsegula, ana inu, agalu a mumsewu uno anasamuka. Koma iwo anatseka mphuno ndi chitenje nkuthira zonsezo pa repu wawo, osasungunula nkomwe. M'mawa mwake dimba lonse linali litapserera.

Munthu wanzeru akanabwera kudzafunsa kuti ndalakwitsa pati. Iwo anadikira tsiku lomwe ndinapita kumaliro, kudumpha mpanda wanga, mayi wamkulu wa zidzukulu, nkukasuzumira pamng'alu wa khola. Anaona ndowa ikubwata yokha mumdima, popanda nkhuni, popanda mbaula, china chake chikung'ung'udza chapamwamba. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa kuti ambuya a pakona amaphika popanda moto, kuti amakoka mphamvu ya madimba a anzawo, kuti ndi chifukwa chake amuna awo anafota.

Amuna anga! Omwe ndinawasambitsa ndi manja angawa mpaka tsiku lomaliza!

Pageti panaleka kugogodedwa. Repu anakula mpaka kuchita maluwa, wogula osaoneka. Kutchalitchi kwathu benchi yomwe ndinkakhala inayamba kukula, anthu akusunthira kumapeto. M'mawa wina ndinapeza mchere atamwaza pageti, tsiku lina masana mwala unagwa padenga. Inu mwabadwira m'mipanda ya waya wa magetsi, simudziwa. Mayi wamasiye wa imvi akangotchedwa mfiti, mwala woyamba umagwa padenga, wachiwiri sugwa padenga.

Ndinatumiza mawu kwa atate anu ku Avondale. Anabwera ndi galimoto, injini osazimitsa, nkunena kuti, "Amayi, ingotayani ndowayo, anthu aleke kukamba." Mwana wobala ndekha. Ndinamufunsa kuti ndikataya sadzanena kuti mfiti yabisa zida? Ndipo ndidzadya chiyani, ulemu wako? Anayang'ana wotchi.

Loweruka lina masana ndinamva nyimbo pageti. Bana Mulenga anali atabwera ndi abusa a kumpingo wawo, uja wopemphera m'kalasi la pasukulu, mnyamata wa suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka. Kumbuyo kwawo amayi a kumpingoko, ndi theka la msewu, ena omwe anadya repu wanga mpaka kunenepa.

"Mama," anatero abusawo, "tabwela chabe mu mtendele, tipempheleleko nyumba."

Ndinayang'ana manja a anthu aja. Ena anali atawabisa kumbuyo. Ndinadziwa kuti ndikakana kutsegula geti, alitsegula okha. Ndinamasula kiyi pachitenje, kuwatsogolera kukhola, nkukankha chitseko. Tiyi anali pa tsiku lake loyamba, akubwata bwino, thovu lili mbuu. Amayi ena anakuwa nkubwerera chambuyo kupondana.

"Mwaona?" anatero bana Mulenga. "Nenze nakamba ine! Ibila yeka, kulibe mulilo!"

Ndinati ndifotokoze, koma abusa anali atayamba kale. Anatambasula dzanja pandowa yanga, kufuula, kudzudzula, kulamula kuti chilichonse chili m'menemo chikhale chete. Anthu akuti ameni, ameni. Ndiye pomwepo, Mulungu ndi mboni, magetsi anazima. Kapampu kanangoti zii. Madzi anadekha.

Chisokonezo chake! Aleluya mpaka kumsewu waukulu. Mayi wina anagwa pa anyezi wanga nkumagubuduka. Abusa akupukuta thukuta ngati munthu wagwetsa ng'ombe. Ine ndinaona kuti zatha, umboni wawo aupeza, ndipo owapatsa ndi anthu a magetsi omwe amatizimitsira tsiku lililonse osapepesa.

Ndinakuwa kuposa onse. "Abusa! Wailesi ya kwa aneba ija inali kulira mpira, mwaitulutsanso chiwanda? Nanga chigayo cha kumsika chatonthola bwanji?"

Ena anatcheradi khutu. Bambo wina kumbuyo anati, "Ni malaiti yayenda." Koma bana Mulenga anati mfiti sizisowa pothawira. Ndiye ndinakwera pa njerwa, kuzula kapayipi kukapampu, kukapukuta ndi chitenje, nkuwapatsa m'manja.

"Uzirani."

"Ine? Awe!"

"Mwadumpha mpanda wanga osaopa, mwadya repu wanga osaopa, lero muope kapayipi? Abusa ali pompano, akutetezani. Uzirani ngati mukukoleza mbaula."

Anayang'ana abusa. Abusa anayang'ana nsapato zawo. Anthu anayamba kunena kuti uzirani, uzirani tione. Anaika pakamwa, kutseka maso, nkuuzira. Ndowa inabwata, bwatabwata, kuposa ndi kale.

Kenako mayi uja anagona pa anyezi anadzuka, kudzisasa, nati, "Bana Mulenga, kanshi ndimwe injini?" Msewu wonse unafa nacho chiseko. Ine sindinaseke.

"Yabwata popanda moto," ndinatero. "Mfiti ndani tsopano? Abusa, yambani."

Abusa anakumbukira kuti ali ndi msonkhano wina.

Koma anthu osekawo ndinkawadziwa, mawa akanatha kutolanso miyala. Ndiye ndinachita chomwe azakhali anandiletsa. Ndinatsitsa kapampu kuti aliyense akagwire, ndinamasula thumba kuwanunkhizitsa kompositi, ndinawaonetsa timabowo ta singano, molasesi, zonse, mmene ndakulemberani pamwambapa. Nzeru yomwe ndinailipira ndi zaka za kuchapa masokosi ku Kabulonga ndinaigawa ulere kwa anthu obwera kudzandigenda.

Ndipo tiyi wanga anali pangozi, pakuti popanda mpweya akanawola. Ndinalowa m'nyumba, kutenga pampu ya njinga ya agogo anu, kuilumikiza kukapayipi ndi mphira, nkuika m'manja mwa bana Mulenga. "Mwazimitsa ndi pemphero, muyatse ndi manja." Anapopa, kulandizana ndi amayi awiri a kumpingo kwawo, ine nditakhala pampando ndikuwayang'anira, mpaka magetsi anabwera dzuwa likulowa. Tiyiyo anatuluka wonunkhira dothi.

Mukuganiza kuti anapepesa? Sabata yotsatira anasuzumira pampanda, mano onse pamtunda, kufunsa kuti tumapampu utu tugulitsidwa kuti. Lero mukayenda mumsewu uno mumva kung'ung'udza kuseri kwa nyumba zingapo, ndipo pageti lililonse pali tebulo la repu. Ogula anga anabwerera, koma theka lokha, enawo amagula kwa bana Mulenga, omwe amauza anthu kuti nzeruyi anabwera nayo kuchokera ku migodi. Miyala inaleka. Benchi ya kutchalitchi inadzazanso, ndipo ndimawapatsa moni onse, chikwama nditachikumbatira.

Ndiye azakhali ananama? Ndinabisa, ndinatsala pang'ono kugendedwa. Ndinaonetsa, andilanda ogula. Sankhani nokha chomwe mungapirire. Ine loko pakhola ndinabwezerapo.

Tsopano miyendo yayamba kukana, kheni ndimanyamula theka. Atate anu akuti andipezere mtsikana wantchito. Ndakana, sindifuna munthu wodziwa pomwe ndimaika makiyi. Akutinso ndisamukire ku Avondale, kunyumba yoti bwalo lonse anathira simenti. Ndakananso. Chomwe ndikupempha nchochepa. Muzibwera kudzandiona, inuyo eniake, osatuma munthu, osabwera ndi anzanu omwe sindidziwa makolo awo. Foni siindikwanira, pafoni aliyense amati ali bwino, ndi ine ndemwe.

Kapampu kaja ka dona kanafa kalekale, komwe kalipo nkachitatu, ndipo masiku ano sindikazimitsa, ndowa ina ikatha ndimayamba ina. Mukafika pageti muyambe mwaima nkumvetsera. Mukamva kakulira kuseri, ndiye kuti ndadzuka, gogodani katatu ndipo mutchule dzina, apo ayi sinditsegula. Mukapanda kukamva, yang'anani kwa aneba ngati magetsi alipo. Ngati alipo, musataye nthawi ndi kugogoda, ndipo musaitane bana Mulenga. Thyolani chitseko nokha.